Wezulo ya Bambo Ake Ikumaliza Miyendo ya Mwana Wanga

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti ine sindine munthu wolembera nyuzipepala. Amene amakulemberani ndimawaseka, makamaka aja ofunsa ngati mwamuna amene anawathawa amawakondabe. Lero cholembera chili m'manja mwanga, ndiye nanunso sekani ngati mukufuna, bola mundiyankhe msanga.

Ndili ndi mwana mmodzi, wamwamuna, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo ake amamutcha Kaputeni. Bambo akewo ndi mphunzitsi wa masewera pasukulu ya sekondale, ndipo aliyense, ngakhale mayi awo owabereka, amangowatchula kuti a Kochi. Ine ndimagwira ntchito pashopu yosindikiza ndi kumanga mabuku, pafupi ndi geti la yunivesite. Payunivesite yomweyo ndinaphunzira sayansi ya zamoyo mpaka chaka chachitatu. Bambo anga atadwala, abale anakhala pansi n'kuona kuti pa ana anayi woyenera kusiya sukulu kukasamala wodwala ndi wamkazi wamkulu. Azichimwene anga awiri anamaliza maphunziro n'kuvala mikanjo yawo, zithunzi zili pakhoma kwa amayi. Ine ndimaboola mapepala ndi kumanga mabuku a kafukufuku a ana amene satha kulemba molondola ngakhale dzina la phunziro lawo.

Kaputeni anachedwa kuyenda. Atayamba, ankangogwaigwa, ndipo mpaka pano akagwa sadzuka ngati ana ena. Amayamba wagwada, kenako manja pansi, matako m'mwamba, n'kumakwera miyendo yake yomwe ndi manja, mawondo, ntchafu, mpaka ataima. Amayendera zala za kumapazi, zidendene zili m'malere. Koma akatumba ake ndi aakulu, olimba ngati a munthu wopalasa njinga ya katundu, ndipo akatumbawo ndi amene atipusitsa tonse. Apongozi anga akabwera amawafinya n'kumati, “Iyi ndiye miyendo ya kwathu iyi. Koma ulesiwu kaya wautenga kuti.” Ponena zimenezo maso amakhala ali pa ine.

A Kochi anagamula kuti vuto ndi ulesi, ndipo mankhwala a ulesi ndi masitepe. Timakhala m'nyumba zosanjikizana, pamwamba penipeni, chikepe kulibe. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito amaima pakhomo ndi wezulo, mwana atsike mpaka pansi, akwere, atsikenso. Mwanayo amagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja awiri n'kumadzikoka, thukuta lili kamukamu. Salira. Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti iye amafunitsitsa kuti bambo ake amunyadire. Akafika pamwamba amafunsa ali wefuwefu, “Adadi, lero ndachita bwino?” Iwo amati, “Mawa uchite kuposa pamenepa, Kaputeni.”

Aphunzitsi a m'kalasi mwake ndi amene anandiitana n'kundiuza kuti ndipite naye kuchipatala chachikulu. A Kochi anakana kutiperekeza, akuti madokotala amapezera matenda aliyense wolowa pakhomo pawo. Ndinapita ndekha. Anamutenga magazi, tinadikira miyezi, ndipo sabata yatha ndinapezeka ndakhala kutsogolo kwa dokotala wa ana, mayi wamng'ono kwa ine, mwana akusewera ndi sikelo pakona.

Dokotalayo anayamba pang'onopang'ono, monga amachitira ndi anthu osapita kusukulu. Anati minofu imadalira puloteni ina yaitali imene imaigwira kuti isang'ambike ikamagwira ntchito, ndipo malangizo opangira puloteniyo m'thupi la mwana wanga ali ndi chilembo chimodzi cholakwika. Anati, “Chilembocho chaika chizindikiro choimitsa pamalo pamene sichiyenera kukhala.” Kenako anatenga pepala kuti andijambulire.

Aphungu, ndiloleni ndikufotokozereni, chifukwa apa pokha ndi pamene sukulu yanga yosathayo ili ndi ntchito. Selo likamapanga puloteni limawerenga malangizo zilembo zitatuzitatu. Gulu lililonse la zilembo zitatu timalitcha kodoni, ndipo kodoni iliyonse imaitana kachidutswa kamodzi kolumikiza pa unyolo umene ukukula. Makodoni onse alipo 64, koma atatu saitana kanthu: UAA, UAG ndi UGA. Kamakina kowerenga kakafika pa imodzi mwa makodoni amenewa kamaima, unyolo umamasulidwa, puloteni yatha. Chizindikiro chimenechi n'chofunika, popanda icho palibe puloteni imene ikanatha bwino, koma malo ake ndi kumapeto. Chikabwera pakati zili ngati makina athu osindikizira aime buku la masamba mazana atatu litangofika pa mutu wachiwiri, ine n'kulimanga bwinobwino n'kukapatsa mwini wake. Funso limeneli linabwera pa mayeso a chaka chachiwiri ndipo ndinakhoza kuposa kalasi yonse. Sindinadziwe kuti yankho lake tsiku lina lidzakhala likusewera ndi sikelo pakona.

Kayankhulidwe ka dokotala konyengerera kaja kanandibaya. Ndinamudula, “Adokotala, musavutike n'kujambula, zimenezi ndinaphunzira.” Anaika cholembera pansi n'kunena kuti, “Chabwino mayi. Ndiye kuti mukudziwa kuti matendawa amatchedwa Duchenne, ndipo amapita akukula.” Ndinati ndikudziwa. Kunena zoona dzinalo ndinkangolikumbukira patalipatali, ngati nkhope ya munthu amene unakwerapo naye basi. Atafunsa ngati ndili ndi mafunso, ndinati ndilibe. Zimene ndinatolapo ndi izi. Mwana asamakwere ndi kutsika masitepe ngati masewera, asanyamule zolemera, asamatope mpaka kumva kuwawa, chifukwa mnofu wake ukang'ambika subwerera ngati wa ana ena. Akatumba aakuluwo si mphamvu ayi, ndi mafuta ndi zipsera zimene zikulowa m'malo mwa mnofu. Ndibwerenso ndi bambo ake. Ndipo nanenso andiyeze magazi, chifukwa nthawi zambiri matendawa amadzera mwa mayi.

Mwa mayi, Aphungu. Amayi anga anali ndi mlongo wawo wamng'ono amene anasiya kuyenda ali mnyamata n'kumwalira asanamere ndevu. Kwathu nkhani yake siikambidwa. Ndinaikumbukira ndili mu basi, mwana atagona pamwendo panga.

Titafika kunyumba, a Kochi anafunsa akuvula nsapato, “Ati bwanji anzanu ophunzirawo?” Ndinati, “Ati tidzapitenso.” Basi. Mpaka lero sindinawauze kanthu.

Musanandiweruze, mudziwe kumene ndinakwatiwa. Tsiku loyamba apongozi kundiona anafunsa mwana wawo, ine ndili pompo, “Ndi uja sanamalize uja?” Alamu anga amanditcha adokotala a theka. Ndikasiya kusita pakati kuti ndione mphika, amaseka, “Kusamaliza n'kwa kumtundu.” Nanenso pakamwa ndili napo. Ndinawauzapo alamuwo kuti theka langa n'lalikulu kuposa nzeru za banja lawo lonse kuphatikiza ndi galu yemwe, ndipo sanandikhululukire. A Kochi zikatere amangoyang'ana mpira pa TV. Ndiye tsopano ndikaime pamaso pa anthu amenewa, ndikawauze kuti mdzukulu wawo yekhayo wamwamuna thupi lake limasiyira ntchito panjira, ndipo mwina zachokera kwa ine? Mawu awo ndikuwamva kale.

Ndayesa kuzemba. Tsiku lina ndinanama kuti mwana watentha thupi. Tsiku lina ndinabisa wezulo m'chitini cha shuga, iwo anangoimba likhweru ndi pakamwa. Dzana abwera ndi nzeru yatsopano. Atenga masokosi awo akale, adzazamo mchenga, asoka okha, kuti azimumanga mu akakolo pokwera. Akuti sukulu ikatsekera Lachisanu ayamba kumuyendetsa kawiri pa tsiku. Ndinawalanda masokosiwo n'kuwaponya pawindo. Ndinati, “Mumupha mwanayu inu!” Anandiyang'ana, anatsika, anakawatola, n'kubwera akuwasasa fumbi. Anati, “Amake Kaputeni, mwana wanga sadzakhala wosiyira zinthu panjira. M'nyumba muno mmodzi akukwana.” Mwana anali ataima pakhomo la kuchipinda, akumva zonse. Chilungamo chinali chitafika pakamwa, koma ndinachimeza, m'malo mwake ndinanyoza mayi awo.

M'mawa wa lero wagwa pokhota masitepe, mlomo wang'ambika. Wadzuka mwa njira yake ija, magazi ali pamalaya, n'kuuza bambo ake kuti, “Adadi, sindinalire.”

Ndikuganiza zinthu ziwiri. Mwina ndimutenge ndipite naye kwa mng'ono wanga osanena chifukwa. Kapena ndiyambe ndakayezetsa ine, kuti zikapezeka kuti sizinachokere kwa ine ndikalankhule mutu uli m'mwamba. Musandiuze zopemphera, ndikupemphera kale. Musandiuze kuti ndine wonyada, ndikudziwa. Mundiuze chochita Lachisanu lisanafike.

T.M., mumzinda muno

Mayi T.M.,

Sindikuseka, ndipo pepani kwambiri ndi nkhani ya Kaputeni. Mwaisenza nokha sabata yonse, nkhani yolemera yoti munthu sayenera kusenza yekha. Za kunyada mwandiletsa, ndiye ndizisiya. Koma ndinene ichi: m'nyumba mwanu amene akudziwa zimene masitepe akuchita kwa mwanayo ndinu nokha. Amuna anu akulakwitsa chifukwa sakudziwa, ndipo sakudziwa chifukwa simunawauze. Lachisanu n'kutali. Muwauze lero.

Njira zanu ziwirizo sizikuthandizani. Zotsatira za mwana munadikira miyezi, zanu zikhoza kutenganso chimodzimodzi, ndipo nthawi yonseyo wezulo ikhala ikulira m'mawa uliwonse, masokosi a mchenga ali m'miyendo. Mukathawira kwa mng'ono wanu, bambo a mwanayo adzabwera kudzamutenga, ndipo palibe amene adzawaletse chifukwa palibe amene akudziwa. Adzabwerera naye ku masitepe omwe aja, inu mutasanduka wolakwa.

Sankhani nthawi imene mwana ali kwa aneba, apongozi kulibe, TV yazima. Musayambe ndi makodoni, chifukwa akangomva mawu a kuyunivesite makutu awo atsekeka. Yambani chonchi: “Bambo a Kaputeni, pali zimene dokotala ananena ndipo ndinakubisirani. Mwana wathu ali ndi matenda a minofu, ndipo masitepe akumuwononga.” Kenako lankhulani m'chinenero chawo. Mphunzitsi wa masewera amadziwa kuti wosewera amene wang'ambika mnofu samuthamangitsa. Auzeni kuti akatumba amene amawanyadira aja ndi chizindikiro cha matendawo. Fanizo lanu la buku lomangidwa lisanathe n'labwino, ine ndalimva, koma mulisunge mpaka atafunsa okha kuti zinayamba bwanji.

Konzekani, chifukwa nkhaniyi iwamenya kawiri. Amva kuti mwana wawo akudwala, ndipo nthawi yomweyo azindikira kuti wezulo yawo ndi imene yakhala ikumupweteka. Mwina akalipa. Akafunsa chifukwa chimene munakhalira chete, musazungulire, ingonenani kuti munkaopa. Ndipo musabwezere pamenepo mawu aja akuti mmodzi akukwana. Anali mawu ankhanza ndipo ayenera kupepesa, koma mlandu umenewo ukhale wa tsiku lina. Akakana kukhulupirira, imbani foni kuchipatala mupemphe kuti dokotala alankhule nawo kapena akuoneni msanga nonse awiri. Mpaka atamva, mwana asachite masewera a masitepe, ngakhale zitatanthauza kuti inu mukhale pansi pakhomopo m'mawa kutseka njira.

Mukabwerera kwa dokotala, mumulole ajambule. Inu mukudziwa mmene unyolo umadukira, koma mmene angalereredwe mwana wa matendawa sizinabwere pa mayeso anu, ndipo munatuluka musanafunse. Sindikubisirani, mankhwala ochiziratu matendawa sanapezeke, ndipo mphamvu za mwana zidzapita zikuchepa. Koma alipo mankhwala ochedwetsa kufooka kwa minofu, alipo akatswiri ophunzitsa kuongola ziwalo, ndipo mtima ndi kapumidwe ka mwana ziyenera kumayezedwa nthawi ndi nthawi. Ndi chisamaliro chotere ana ambiri masiku ano amakhala zaka zambiri kuposa mmene zinalili nthawi ya amalume anu. Funsani zonsezi chimodzichimodzi. Funsaninso masewera amene akuloledwa, chifukwa mwanayo safunika kungomugoneka. Ambiri amawalola kusambira ndi kuongola miyendo modekha. Apa ndi pamene a Kochi apezepo ntchito yawo. Munthu amene anakhala pansi n'kusokera mwana wake masokosi si munthu wosasamala. Akaphunzitsidwa zoyenera, manja omwewo ndi amene azimuongola akakolo tsiku ndi tsiku.

Yambaninso kuyang'ana nyumba ya pansi. Pakali pano, popita kusukulu ndi pobwera, azitsika ndi kukwera pang'onopang'ono akupumira, akatopa mumunyamule.

Magazi anu mukayezetse, koma osati kuti mupeze chida cholimbanira ndi apongozi. Poona nkhani ya amalume anu, n'zotheka ndithu kuti chilembocho muli nacho, ngakhale kuti ana ena chimangoyambira mwa iwo mayi alibe. Muyenera kudziwa chifukwa cha mtima wanu, poti amayi ena okhala nacho amafunika kuwayeza mtima, komanso chifukwa cha mimba ina ngati mukuiganizira. Mng'ono wanu amene mukufuna kuthawirakoyo nayenso ayenera kuuzidwa, ndipo amayi anu afunsidwe mwaulemu za mlongo wawo. Zomangiriza matendawa ku sukulu yanu muzisiye. Ngati chilembocho chilimo, chinalimo musanaphunzire n'kulemba dzina lanu komwe, simunachisankhe. Ndipo sukulu munaisiya mukusamala bambo anu, ntchito imene azichimwene anu a mikanjo sanaigwire.

Apongozi akauzidwe ndi mwana wawo, inu muli pambali pake. Muwauze amuna anu mosabisa kuti nthawi ino simuyembekezera kuti ayang'ane mpira. Apongozi akayamba zakumtundu, woyankha akhale amuna anuwo.

Musaiwale kuti Kaputeni anamva zonse ali pakhomo paja. Iye akuganiza kuti ndi waulesi amene akukhumudwitsa bambo ake, n'chifukwa chake akubisa misozi. Auzidwe, makamaka kuchokera pakamwa pa bambo ake, kuti si waulesi, miyendo yake imatopa msanga chifukwa cha matenda, ndipo akagwa akhoza kulira.

Chenjezo langa ndi lakuti musamale ndi lilime lanu, ndi amene amagulitsa mankhwala ozizwitsa pafoni. Mudzamva za mankhwala othandiza selo kudumpha chizindikiro choimitsacho, koma musagule kanthu dokotala wa mwana asananene. Za lilime, dzana chilungamo chinafika pakamwa, mkwiyo n'kuchilanda malo. Zikachitikanso lero, mawa mwana ali pa masitepe. Apongozi ndi alamu anene zimene anganene, inu mwandiuza nokha kuti pakamwa muli napo, mudzawayankha. Kaputeni alibe choyankhira masitepe. Mawa m'mawa wezulo isalire.

Aphungu